Mtima Wotsimphina wa Kasekondi

3 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, Amayi, alamu anga ndi Kasekondi wanu wosakhala pansi uja. Ife kuno tili bwino. Ndikulemba kalata ngati munthu wamakedzana chifukwa cha inu nomwe. Munalumbira kuti foni simudzaigwira, eti inapha ntchito yanu yokonza mawotchi. Ndiye dalaivala wa basi ya Lachisanu ndiye foni yathu.

Mwakhala amalume tsopano. Ndi mwana wamkazi, kamphuno kake ngati batani la malaya a sukulu, ndipo anzanga a kushopu yosoka amutcha kale Kabatani. Inu munatcha wanu Kasekondi, ndiye musandiseke.

Pali nkhani imodzi yomwe ndikufuna muimve kwa ine isanafike kwa Amayi itavala zovala zina. Kuchipatala cha ana kuno kuli kafukufuku, ndipo ine ndi bambo a Kabatani tavomera kuti mwana alowemo. Palibe anatikakamiza. Anamubaya kachidendene n'kudontheza magazi pa kapepala kokhuthala, kuti aone ngati ali ndi matenda ena obadwa nawo amene saoneka ndi maso. Kenako anamumata timawaya pachifuwa, tolumikiza ku kamakina kakang'ono ngati bokosi la machesi. Kamakinako kamamvetsera mtima tsiku lonse n'kumasunga zomwe kamva.

Amene akutsogolera ntchitoyi ndi dokotala wachizimayi, wamtali, wofatsa. Jasi lake loyera lili ndi batani limodzi lobiriwira losokedwa ndi ulusi wakuda, ndipo nthawi yonse imene amalankhula manja anga amayabwa. Koma anandiuza chinthu chimene chinandikumbutsa inu. Akuti mtima wa mwana wathanzi suyenda ngati wotchi. Akamakoka mpweya umafulumira, akamautulutsa umadekha. Ukayamba kugunda mofanana ndendende, osasinthasintha, kawirikawiri ndiye kuti thupi lili pa nkhondo. Iwo akufuna kudziwa ngati kagundidwe kameneka kangachenjeze anthu msanga, mwana asanafooke. Ndinaseka n'kuwauza kuti ndili ndi achimwene amene angakangane nawo mpaka dzuwa kulowa.

Mundiuze za kumeneko. Bondo la Amayi lili bwanji? Ndipo wotchi ya alamu anu munaitenga chaka chatha ija, mukuikonza kapena mukuilera?

Ndine mlongo wanu.

*

18 Malichi

Mlongo wanga,

Talandira uthenga wa Kabatani ndi manja awiri. Amayi anavina ndi bondo lomwelo lomwe amati silipindika. Tonse tili bwino. Kasekondi tsopano akuyenda, ndipo akalowa mu shopu ndimabisa timasikulu tonse ta m'mawotchi chifukwa chilichonse chowala iye amati ndi chakudya.

Koma iwe, mwana wangobadwa kumene wayamba kale kumangidwa mawaya ngati wailesi? Ndinawawerengera Amayi ndime imeneyo mothamanga, koma makutu awo ukuwadziwa. Anafunsa kuti magaziwo akupita kuti ndipo adya nawo ndani. Ndinawayankha kuti timadontho totere ngakhale udzudzu sungakhute nato. Anangoti anthu a m'tauni mumapereka ana ngati mukubwereketsa mchere.

Za dokotala wakoyo, umuuze kuti asoke kaye batani lake. Ine ndakhala ndi mawotchi pakhutu kuyambira ndili mnyamata. Chinthu chimene chimathamanga apa n'kuchedwa apo n'chowonongeka, kaya ndi chachitsulo kaya ndi chanyama. Munthu akabwera ndi wotchi yotsimphina sindimuuza kuti akondwere.

Ya mwamuna wako ndikuilera. Ikusowa kagudumu kamodzi kamene masiku ano sikapezeka. Umuuze kuti mlongo wake, mayi a Kasekondi, akumupatsa moni ndipo akuti nayenso wakhala azakhali popanda kumupempha chilolezo.

Titumizireni chithunzi cha mwanayo, chopanda mawaya.

Ndine mlongo wako.

*

2 Epulo

Achimwene,

Moni kwa nonse. Kalata iyi muiwerenge mutakhala pansi, ndipo muiwerenge yonse musanapse mtima.

Zotsatira za magazi a Kabatani zatuluka. Anatiitana, anamuyezanso kachiwiri, ndipo zafanana. Mwanayu ali ndi vuto lobadwa nalo. Dzina lake n'lalitali, sindingalilembe, koma ndalimvetsa chonchi. Ine ndi inu tikakhala osadya, thupi limatenga mafuta amene linasunga n'kuwasandutsa mphamvu. Thupi la Kabatani silitha kuchita zimenezo. Akadya ali bwinobwino ngati mwana aliyense. Koma akakhala nthawi yaitali osayamwa, makamaka akadwala malungo kapena kusanza, shuga amatha m'magazi. Amagona tulo tofa nato, ndipo akapanda kuthandizidwa msanga sadzukanso.

Ndalira mpaka maso kutupa, koma dokotala akuti ana otere amakula bwino ngati makolo akudziwa. Lamulo ndi limodzi: asagone ndi njala nthawi yaitali. Akadwala, azidzutsidwa kuti amwe kanthu kotsekemera, ngakhale akulira. Akakana kumwa kapena akavuta kudzuka, kuthamanga naye kuchipatala kuti akamuike diripi ya shuga.

Tsopano mbali yovuta. Vutoli mwana amalitenga kwa bambo ndi mayi onse awiri. Makolowo sadwala, amangolinyamula osadziwa. Dokotala anafunsa za abale athu. Nditamuuza kuti ine ndi inu ndife a mimba imodzi, ndipo mwamuna wanga ndi akazi anu nawonso ndi a mimba imodzi, anaika cholembera pansi. Anafunsa ngati kunyumba kwanu kunamwalirapo mwana mwadzidzidzi.

Achimwene, ndinamuuza za Kabelu. Ndinamuuza kuti anali ndi miyezi khumi, anatentha thupi, anakana bere, anasiyidwa kuti agone, ndipo sanadzuke. Dokotala sananene kuti ndi zomwezo, chifukwa palibe angadziwe tsopano. Anangoti, “Mng'ono wake abwere timuyeze.”

Chonde mubwere naye Kasekondi. Kuyeza n'kwaulere, ndipo mugona kwathu kuno. Pamene mukukonzekera, akangodwala musamusiye agone osadya. Ndikudziwa kuti m'nyumba mwathu tinakula ndi mawu a Amayi akuti tulo ndi mankhwala, mwana wodwala sadzutsidwa. Kwa ana ena n'zoona. Kwa athuwa ayi.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikudikira yankho ndi basi ya Lachisanu.

Mlongo wanu.

*

23 Epulo

Achimwene,

Moni. Muli bwanji kumeneko? Ndikufunsa chifukwa sindikudziwa. Lachisanu lililonse ndimasiya makina n'kukaima pa siteji, ndipo dalaivala akangondiona amatambasula manja kuti alibe kanthu. Akuti kalata yanga anakupatsani m'manja, inu muli pa benchi yanu ndi kagalasi kaja pa diso.

Ngati ndalakwa kalembedwe, mundikalipire, koma mundikalipire pa pepala. Kukhala chete kwanuku kukundidya.

Kabatani akunenepa. Ndimamudzutsa kuti ayamwe ngakhale akugona mokoma, iye n'kumandiyang'ana ngati ndamubera. Anamumatanso kamakina kaja sabata yatha. Anandionetsa mzere wa mtima wake pa kompyuta, ukukwera ukutsika ngati msoko wa munthu wongophunzira. Akuti ndi momwe uyenera kukhalira.

Dokotala wandifunsanso za Kasekondi. Ndinachita manyazi n'kunena kuti mukukonzekera.

Mlongo wanu.

*

5 Meyi

Mlongo wanga,

Moni tikupereka chifukwa tinaleredwa. Wafuna kukalipiridwa pa pepala, ndiye tchera khutu.

Kalata yako ija ndinaiwerenga mokweza pa tebulo, chifukwa Amayi anaumirira kuti ndisalumphe kanthu ngati ulendo uja. Mayi a Kasekondi anali pakhomo ndi mbale m'manja. Dzina la Kabelu ndinalitchula onse akumva. Iwe unatenga mwana wanga amene ali m'manda n'kukamuyala pa tebulo la anthu achilendo, osandifunsa. Dzina limenelo m'nyumba muno sititchula. Ine ndemwe ndinamunyamula m'mawa umenewo ali wozizira. Iwe unali kuti?

Ndipo ukudziwa amene anati tisamudzutse tsiku limenelo. Mayi ake ankafuna kumuyamwitsa, Amayi n'kuwagwira dzanja kuti mwana wapeza tulo, musiyeni. Ndiye ukalemba kuti mawu a Amayi ndi olakwika, ukuti anapha mdzukulu wawo ndi ndani? Anadzitsekera kuchipinda osadya. Atatuluka anali ndi nkhani yawoyawo, yoti iwo anabereka ana athanzi ndipo matendawo abwera ndi magazi a kuchimuna kwako, omwe ndi a kuchikazi kwanga. Tsopano mkazi wanga amadyera kukhitchini. Waona chimene kafukufuku wako watifufuzira?

Za Kasekondi ika mtima m'malo. Ndikuuze chinthu chimene sindinauzepo munthu. Chimwalirireni Kabelu, ndakhala ndikuika khutu pachifuwa cha mwanayu akagona. Mtima wake unali ndi kachilema. Unkathamanga pang'ono n'kuchedwa pang'ono, kutsimphina ngati wotchi yolowa fumbi, ndipo zinkandisowetsa mtendere. Dzulo watentha thupi, wasanza, wakana mkaka ngakhale buledi woviika mu tiyi amene amamukonda uja. Madzulo anagona, ndipo mpaka m'mawa uno pamene ndikulemba akadali mtulo. Ndamumvetsera kawiri. Kutsimphina kuja kwatheratu. Ukugunda msangamsanga, inde, koma mofanana, osaphonya, ngati wotchi yatsopano yongotuluka m'bokosi. Sindinaumvepo wolongosoka chonchi. Ndiye dokotala wako anene zake, ine khutu langa silinama. Tamusiya apume, ndipo akadzuka adzuka ndi njala ya nkhandwe.

Kutauni sitibwera. Iwe lera wako ndi mawaya, ife tilera wathu monga tinaleredwera. Nkhaniyi usailembenso.

Ndikukasiya kalatayi kwa dalaivala tsopano lino.

Mlongo wako.

*

9 Meyi

Achimwene,

Moni ndilibe.

Kalata yanu yandipeza lero. Dalaivala anaiiwala m'thumba la jekete, wabwera nayo kushopu akuseka, akuti mundikhululukire mayi. Ndaiwerenga nditaimirira, ndipo nditafika pa wotchi yatsopano ndathamangira pa foni. Ndaimbira foni ya pa golosale yoyandikana nanu, yozimitsa. Ndaimbira mphunzitsi wa kuseri kwanu uja, akuti anasamuka.

Kutsimphina kumene kunkakuopsani kuja ndiwo unali umoyo wake, achimwene. Ndinakulemberani m'kalata yoyamba, inu munaseka batani la dokotala. Mwana wosadya, wosanza, wogona osadzuka, mtima ukuthamanga mofanana, inu n'kumayamikira. Munamva bwino, khutu lanu silinaname. Koma mwana si wotchi.

Sindikudziwa ngati ndikulembera bambo a mwana wamoyo. Mulungu andikhululukire polemba zimenezi. Ngati akupuma, mudzutseni. Mugwedezeni, mukuweni m'khutu, mumupake shuga m'kamwa ndipo muthamange naye. Kuchipatala mukanene kuti msuweni wake ali ndi vuto la shuga wotha m'magazi akakhala osadya. Pepala la dokotala ndaliika momwemu.

Za Kabelu ndinalakwa kusakufunsani, ndipo ndidzakupepesani moyo wanga wonse ngati mukufuna. Amayi sanaphe munthu. Sankadziwa, inunso simunkadziwa, ine sindinkadziwa. Koma pano tikudziwa.

Ine sindingathe kuyenda ndi Kabatani ulendo wautali chonchi, wayamba chifuwa. Alamu anu anyamuka ndi galimoto iliyonse imene aipeze, ndipo kalatayi ili m'manja mwawo. Mukawaona musawafunse za magazi a kwawo.

Mlongo wanu.

*

11 Meyi

Alamu,

Ndine mayi a Kasekondi. Moni kwa inu ndi mwana. Kulemba sindinazolowere, mundikhululukire zilembo. Achimwene anga afika, atipeza kuchipatala, ndipo akuti simukudya. Idyani. Mwana ali moyo.

Ndikuuzeni mmene zinayendera. Kalata yanu ya Epulo ija ine sindinaigwire, ndinangoimva ndili pakhomo. Mawu ambiri anandipita. Koma awa ndinawasunga: mudzutseni ngakhale akulira. Ndinawasunga chifukwa ndi zimene ndinkafuna kuchita kwa Kabelu.

M'mawa umene bambo ake anapita kukasiya kalata kwa dalaivala, ndinalowa kuchipinda ndi kapu ya madzi a shuga. Apongozi anali atakhala pa mpando pambali pa bedi. Anati, “Mukufuna kutani? Mwana wapeza tulo.” Mawu omwe aja, alamu, osasintha ngakhale limodzi. Anandigwira dzanja pamalo pomwe paja.

Chilowereni m'banja lino sindinawayankhepo. Tsiku limenelo ndinati, “Amayi, woyamba ndinakumverani. Uyu ndisiyireni.” Ndinachotsa dzanja lawo.

Ndinamuitana, sanadzuke. Ndinamukhazika, mutu unagwera kumbuyo. Thukuta lozizira, thupi lofewa ngati nsalu yonyowa. Madzi sanathe kumeza. Ndinanyowetsa chala, kuchiviika mu shuga, kumupaka m'nkhama, n'kumuponya kumsana. Nsapato ndinazikumbukira ndili pa msewu.

Kuchipatala pamzere panali anthu ambiri. Ndinadutsa onse. Namwino anandikalipira, ine ndinati msuweni wake wa mwanayu shuga amamuthera, muyezeni shuga. Anandiyang'ana ngati wamisala, koma anamubaya chala. Ataona nambala anasiya kukalipa n'kuyamba kuthamanga. Anamuika diripi. Anakomoka kamodzi, manja akugwedezeka. Dzuwa likupendeka anatsegula maso n'kulira. Sindinamvepo kulira kokoma chotero.

Akadali wofooka. Dzanja lamanzere sakuligwiritsa bwino, ndipo adokotala akuti tidikire tione. Pepala lanu lathandiza, aimbirana foni ndi dokotala wanu wa kumeneko. Atenga magazi a pa kapepala kuti atumize.

Bambo ake anatipeza masana a tsiku lomwelo. Amakhala pa benchi ya panja, chipewa m'manja. Kalata yanu yatsopanoyi aiwerenga, aipinda, aiwerenganso. Apongozi sanabwere.

Ine kunyumba ija sindikudziwa ngati ndibwererako. Ndatopa kudyera kukhitchini chifukwa cha magazi amene sindinawasankhe. Ndawauza bambo ake kuti mwana wanga sadzagonanso m'nyumba imene kudzutsa mwana ndi mlandu.

Mupsompsonereni Kabatani. Anabayidwa chidendene iye, wapulumuka ndi mnzake.

Ndine mlamu wanu.

*

24 Meyi

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa alamu ndi kwa Kabatani. Chifuwa chija chatha? Undiuze zoona, usandibisire chifukwa choti ndine munthu wovuta.

Kalata iyi ndaiyamba kangapo n'kung'amba. Kukonza ndimatha, kupepesa sindinaphunzire. Ndinakulembera mawu oipa. Ndinakhala pambali pa mwana wanga akuzima, ine n'kumanyadira kuti akuyenda bwino. Akanakhala kuti mayi ake anandimvera ine, bwenzi pano tili ndi mayina awiri osatchulidwa m'nyumba muno. Zimenezi zikundiwawa, ndipo zidzandiwawa mpaka kale.

Anatitulutsa m'chipatala. Dzanja lija layamba kugwira supuni, koma akatopa limagwa. Zotsatira za magazi akuti zidzatulukira kwanuko, ndipo dokotala wako akufuna amuone yekha ndi kumumata kamakina kaja. Tibwera ndi basi ya Lachisanu la sabata yamawa, ine, mayi ake ndi mwana. Umuuze dokotalayo kuti munthu wa mawotchi uja akubwera, koma sadzakangana. Ngati akufuna kufunsa za Kabelu, ndidzayankha ndekha.

Ndimamumvetserabe pachifuwa, chizolowezi sichitha. Kutsimphina kuja kwabwerera. Akakoka mpweya umathamanga, akatulutsa umachedwa, monga unanenera. Ndikaumva ndimapita kushopu mtima uli m'malo.

Mayi a Kasekondi anavomera kubwerera kunyumba, koma anaika lamulo lawo, ndipo sindinatsutse. Ndinatenga wotchi ya belu ija inakhala pa shelefu zaka zambiri mwini wake osabwera, ndinaipukuta, n'kuiika pa kabati. Ikalira, mwana adzutsidwe amwe mkaka, kaya wagona mokoma bwanji, mpaka atachira bwinobwino. Mayi akewo amadya nafe pa tebulo tsopano. Palibe analengeza, ndinangotenga mbale yawo n'kuiika pamenepo.

Amayi ndiwo akundidetsa nkhawa. Chibwerereni sanamugwire mwanayo. Nkhani ya magazi a kuchikazi anaisiya, koma sanaikepo ina. Amangokhala pakhonde, ndipo belu likalira amatembenukira kukhoma. Achepa thupi. Ndinayesa kuwauza mawu ako, akuti sankadziwa, iwo anangoti, “Dzanja lija ndinaligwira ndine.”

Dzulo masana mayi a Kasekondi anali kuchapa kuseri, ine ndinabwera kudzatenga chakudya. Mwana anali atagona. Belu linalira. Ndisanadzuke pa mpando ndinaona Amayi akulowa ndi kapu ya mkaka, akukoka bondo lawo lija. Ndinawatsatira mpaka pakhomo la chipinda. Mayi a Kasekondi nawo anafika, manja ali thovu, ndipo tinaima pamenepo tonse awiri.

Amayi anaima pambali pa bedi nthawi yaitali. Dzanja analitambasula, n'kulibweza, n'kulitambasulanso. Mkaka unkatayikira pansi. Moyo wawo wonse sanadzutsepo mwana wodwala, iwe ukudziwa. Kenako anamugwira paphewa n'kumugwedeza, poyamba pang'ono, kenako mwamphamvu.

Anati, “Kabelu. Kabelu, dzuka umwe.”

Palibe anawakonza. Kasekondi anatsegula maso, analira, n'kumwa kapu yonse.

Mutidikire pa siteji.

Ndine mlongo wako.